Ndinasenza Mpando Wokankha Msana Mpaka ku Makhanga

Kuyambira pa Dyeratu mpaka kumalire a Marka, palibe munthu amene anandigonjetsapo pa nkhani ya mtengo. Funsani aliyense amene ankagulitsa mbuzi pa Ngabu kapena nsomba zouma pa Bangula masiku a chipani chimodzi aja. Dzina langa la ubatizo ndi Zuze, koma pamsika ankanditchula Tsitsani, chifukwa mawu amenewa ndi amene ankayamba kutuluka m'kamwa mwanga, moni n'kumabwera pambuyo. Ndinkati ndikaloza chinthu, mwini wake ankayamba kuchiona ngati chaola.

Nzeru zomwezo n'zimene zinandithawitsira mkazi. Fanita atapita kumaliro masiku atatu, kunabwera telala wina wa ku Nchalo amene anasirira makina ake osokera. Ndinamukwezera mtengo mpaka thukuta kamukamu, ndipo mpaka lero ndimati malonda amenewo anayenda bwino. Cholakwika chinali chimodzi chokha: makinawo sanali anga. Fanita atabwera sanalalate. Anayang'ana pakona pamene makina ankakhala, anamanga zitenje zake, n'kukwera basi, ulendo wa kwawo ku Makhanga. Inatha miyezi inayi. Ankhoswe amene ndinatuma anabwerako ndi mawu ochepa ochokera kwa apongozi anga, a Thole: "Akabwere yekha, ndipo asabwere ndi pakamwa pokha."

Ndinkamufuna Fanita, ngakhale pamsika sindinkavomera. Koma wofunika kumufewetsa mtima anali bambo ake. A Thole anadula nzimbe ku esiteti zaka zambiri mpaka msana unapindika ngati chikwakwa, ndipo akafuna kukhala pansi ankapinda chiguduli n'kuchiika pamwamba pa chiuno. Ndiye nditaona mpando uja pagalaja ya a Jofilisi, makaniko wa pa Dyeratu, ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Unali mpando wa dalaivala, wachikopa chotuwa, wochokera m'galimoto ya bwana wina wa ku esiteti imene inagubuduzika potsika mapiri a Thabwa. A Jofilisi anamasula nsalu yakumbuyo kwake n'kundionetsa zam'kati.

"Taonani apa, a Tsitsani. Kathumba aka n'kalabala, ngati chubu cha mpira. Kamakhala pamene msana umapindikira m'kati, pamwamba pa lamba. Kakuda aka n'kapampu, kali ndi kamota kake. Mukakankhira batani ili kutsogolo, moto wa batire umadzutsa kamota, kapampu n'kumapopera mpweya m'kathumba kudzera m'kapaipi aka. Kathumba kakatupa kamakankha msana, inu n'kuwongoka. Mukasiya batani, mpweya umatsekeredwa momwemo. Mukalikankhira kumbuyo, vavu imatseguka, mpweya n'kutuluka. Magalimoto ena alibe kathumba, ali ndi kamota kokoka waya, wayayo n'kumapinda kachitsulo kopyapyala ngati uta. Koma uwu ndi wampweya."

"Ndiye azungu amataya ndalama kuti mpando uziwagunda kumsana?"

"Amataya ndalama kuti akafika ku Blantyre asatsike atagwira m'chiuno ngati inuyo."

Analumikiza mawaya awiri kubatire yakale, wofiira pamutu wokulirapo, wakuda pa winawo, n'kukankha batani. Mpando unalira cham'munsi ngati njuchi ili m'botolo, chikopa n'kutukuka pang'onopang'ono. Mtima wanga unavina, koma nkhope ndinaikwinya.

"Tsitsani," ndinatero asanatchule n'komwe mtengo. "Mpando wa galimoto yogubuduzika angaugule ndani? Kapena munafera munthu."

"Sanafe ameneyo. Anatuluka akutukwana."

Tinakangana pang'ono, kenaka anavomera mbuzi imodzi yaikazi imene inali itasiya kubereka, n'kundiwonjezera batire ndi mawaya omwe. Anati batireyo ndi yokalamba, koma kukankha m'mawa ndi madzulo ikhoza kutha mwezi isanafune kutchaja. Anavomera msanga kwambiri, ndipo munthu wovomera msanga amandiopsa kuposa wokana. Nditasenza mpando kuti ndizipita, ndi pamene analankhula, maso ali pasipanala.

"Muutenge lero lomwe. Sabata yatha kunabwera anthu awiri kudzafunsa kuti chikulira pagalaja pano n'chiyani. Sanabwere ndi galimoto yoti ndikonze."

M'mawa mwake ndinali pasiteji ya Dyeratu kudikira basi yochokera ku Blantyre. Unali mwezi wa Malichi, mvula ikutsazika, dzuwa la kuchigwa likuwotcha ngati lili ndi mangawa ndi munthu. Basi yomwe inkayenera kufika m'mawa inali isanaoneke dzuwa lili paliwombo. Ndinaika mpando pamthunzi n'kukhalapo ngati nduna, batire ili pakati pa miyendo, anthu akundizungulira chapatali. Palibe anafunsa kanthu, kupatula bambo mmodzi wa malaya oyera osita bwino, nyuzipepala kukhwapa, wopanda katundu aliyense.

"Katundu wachilendo uyu, achimwene. Wakuti?"

"Wa kumudzi."

"Mudzi uti?"

"Wathu."

Masiku amenewo munthu wa malaya oyera wopanda chikwama pasiteji sunkamuuza ngakhale dzina la galu wako. Anayang'ana mawaya, anayang'ana ine, n'kukaima pamene ankatha kundiona bwino.

Basi itafika, kondakitala anati mpando ukwere pakaliyala pamodzi ndi njinga ndi matumba a makala. Ndinakana, chifukwa kumadzulo kunali kutada ndipo kamota sikagwirizana ndi madzi.

"Ndiye ulipire ngati munthu," anatero.

"Mpando ulipire malo okhala? Iwowo ndiye malo okhalawo! Ndakuwonjezerani mpando m'basi mwanu, mukanandilipira ndinu."

"Basi ino mipando yake inawerengedwa kale, madala. Uwu ndi mlendo."

Tinagwirizana kuti ulipire mtengo wa mwana wasukulu. Ndinauika pakanjira chakumbuyo, ine n'kupanikizika pambali pake. Basi isananyamuke, mayi wina wonenepa wogulitsa nsomba, wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, anali atakhalapo kale, dengu lili pamiyendo. "Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena, osandifunsa n'komwe. Bambo wa malaya oyera uja anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Pamabampu a ku Maseya asidi wa batire anadonthera pathalauza langa la kutchalitchi, n'kuboola timabowo titatu pabondo.

Pa Nchalo tinaima nthawi yaitali, dalaivala atapita kukadya kwa mkazi wake wamng'ono, monga ananenera kondakitala. Mayi wa nsomba anatuma munthu pawindo kuti amugulire shuga, ndipo atamva mtengo anaiwala dziko limene tinkakhala.

"Ha! Nzimbe zili apa, fakitale ili apo, utsi wake tikupuma ndife, koma shuga kudula ngati wachokera kutsidya kwa nyanja. Akudya ndani ndalama zimenezi?"

Anthu anayang'ana pansi. Nthawi yomweyo munakwera anyamata a ku esiteti, ndipo mmodzi anaima n'kuuyang'anitsitsa mpando.

"Uwu si wa m'galimoto ya bwana uja? Ndi womwewo. Mipando imeneyi imamva. Mnzathu wina woyendetsa mabwana anangodandaula za malipiro ali yekha m'galimoto, mawa lake ntchito inatha. Mukuona mawayawo?"

Mayi uja anadzuka ngati wakhalira moto, nsomba n'kumwazika. Anayang'ana mpando, n'kuwerama pang'ono, n'kuulankhula mwaulemu wonse.

"Ine ndimangoti shuga wathu ndi wotsekemera. Basi. Palibenso china."

Ndinayesa kufotokoza za kathumba ndi kapampu, koma ndikamafotokoza anthu ankasunthira kutali. Kuchoka pa Nchalo mpaka pa Ngabu basi yonse inali zii, wina akalankhula ankangoyamikira mvula ndi chitukuko, mokweza, nkhope italoza kumpando. Basi inali yodzaza mpaka pakhomo, anthu ataimirira ndi mwendo umodzi, koma mpando wabwino kuposa yonse unali wopanda munthu.

Titapitirira Ngabu tinapeza kamtsinje kena kadzaza, madzi ochokera kumapiri a kumadzulo akudutsa pamwamba pa msewu. Dalaivala anazimitsa injini, anabaya kamtengo m'mphepete mwa madzi, n'kukagona pansi pa basi. Tinadikira. Aliyense ankapita kukaona kamtengo kaja, n'kubwera ndi nkhani yakeyake, wina akuti madzi akutsika, wina akuti akukwera. Amayi a m'midzi yapafupi anabwera ndi chimanga chowotcha, mtengo wake ukukwera ola lililonse. Ine ndinatsitsa mayi wina mpaka anandipatsa ziwiri pamtengo wa chimodzi, n'kupeza kuti chachiwiricho chinali chofumbwa.

Ndikutafuna choncho, bambo wa malaya oyera anabwera n'kukhala pambali panga. Analankhula motsitsa, milomo yokha ikugwedera.

"Bwana, ine sindinalankhule kalikonse m'basi muja. Mwaona nokha."

"Bwana wake uti?"

"Ndine mphunzitsi chabe. Ndikupita ku Nsanje kukaona mayi akudwala, chikwama anandibera pa depoti ku Blantyre. Ngati dzina langa lalowa m'makina mwanumo, chonde, ndili ndi ana."

Ndinatsala pang'ono kutsamwa. Tsiku lonse ndinkamuopa munthu amene ankandiopa ine. Ndinamuuza zoona zonse, za Fanita, za msana wa a Thole. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti, "Inde, bwana, ndamva," ndipo ndinaona kuti sanakhulupirire ngakhale liwu limodzi.

Madzi anatsika dzuwa litapendeka. Tinawoloka, ndipo tisanafike pa Bangula tinapeza mtengo utapingasa msewu pamigolo iwiri. Panali anyamata a malaya ofiira ofunsa makhadi a chipani, ndi sajeni wapolisi mmodzi atakhala pachitsa. Nkhondo ya ku Mozambiki inali pachimake nthawi imeneyo, othawa nkhondo ali ponseponse, ndipo katundu aliyense ankafufuzidwa. Khadi langa linali m'thumba, choncho ndinalibe nkhawa. Koma ndinaona mayi wa nsomba akutsika woyamba, n'kupita molunjika kwa mtsogoleri wa anyamata aja, akunong'ona, chala chikuloza ine. Anaganiza kuti ndi bwino iye ayambe kuunenera mpando usanamunenere.

"Mwini wa chinthu cha mawaya atsike nacho!"

Ndinatsitsa mpando ndi batire. Kondakitala anamenya basi kawiri m'nthiti, ndipo inanyamuka ndi mtengo wa mwana wasukulu uja, ine n'kutsala m'fumbi.

Mtsogoleri wa anyamata anali wamng'ono kwa ine, koma ndinamuvulira chipewa. Anazungulira mpando osaukhudza.

"Iyi ndi wayilesi ya ova-ova. Mumalankhula ndi ndani kutsidyako?"

"Ndi mpando, bwana. Wa msana."

"Mpando umadya batire? Kwathu mipando imadyedwa ndi chiswe."

Sajeni anadzuka pachitsa pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anasuzumira kumbuyo kwa mpando, anaona kathumba, kapaipi ndi kakuda kaja, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu.

"Wayilesi siikhala ndi chubu. Ili likhoza kukhala bomba. Bweretsani chikwanje tiung'ambe."

"Bwana, ngati ndi bomba, mukufuna kulitema ndi chikwanje?"

Anaganiza kaye. Apa ndinagwada, ine Tsitsani, pafumbi. Ndinkaona Fanita akutalikira, ndipo kuseri kwa Fanita ndinkaona malo ena amene anthu ankapita osabwerako msanga. Ndinapempha kuti andilole ndiwaonetse mmene umagwirira ntchito. Anavomera, koma anati ndikachitire pakati pa bwalo la mpira lomwe linali pafupi, ndipo ndikhalepo ndine. Iwo onse, pamodzi ndi anthu a m'mudzimo amene anali atasonkhana, anakabisala kuseri kwa chulu, mitu yokha ikuoneka.

Ndili ndekha pakati pa bwalo, ndikumangirira waya wofiira, nanenso ndinayamba kukayika. Ndinali nditaona mpandowo ukugwira ntchito kamodzi kokha. Nanga a Jofilisi anavomereranji mbuzi yokalamba? Waya wakuda utakhudza batire panathetheka moto pang'ono, mitu ija n'kulowa pansi. Ndinakhala, ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga, n'kukankha batani. Njuchi ija inayamba kulira, ndipo ndinamva ngati munthu waika chikhatho pamwamba pa chiuno changa n'kumandiwongola mwachifundo.

"Ukukankha!" ndinakuwa.

Anthu ena anathawa mpaka kumsewu.

Patapita nthawi sajeni anabwera, akuyenda chammbali ngati nkhanu. Ndinamuonetsa kathumba kakutupa ndi kuphwa, ndinamugwiritsa kapaipi kuti amve mpweya ukudutsa, ndinamuuza kuti aike khutu pavavu. Kenaka anakhalapo yekha. Ndinakankha batani. Ndinaona mapewa ake akutsika, maso akutsinzina, ndipo anatulutsa mpweya wautali wa munthu amene wakhala pachitsa zaka zambiri. Apa ndinadziwa kuti vuto lenileni layamba tsopano.

"Si bomba," anatero, maso ali chitsinzinire. "Koma uyenera kutsala kuno. Tiufufuze bwinobwino. Mwina mwezi umodzi."

Munthu wamalonda amadziwa kukometsa katundu, koma katswiri amadziwanso kumunyazitsa. Ndinakanda m'mutu.

"Palibe vuto, bwana, utsale. Mwandipeputsa. Mwini wake anagubuduzika nawo pa Thabwa, galimoto yonse nyenyenye, mpando wokhawu osakalika ngakhale pang'ono. Makaniko amene anautola, chiutolereni sakugona bwino, mpaka anandipatsa ngati waulere. Ine sindikunena kanthu. Ndimangoupititsa kwa apongozi anga."

Maso a sajeni anatseguka. Anadzuka msanga kuposa mmene anakhalira, n'kusasa kumbuyo kwa kabudula.

"Apongozi akowo anakulakwira chiyani?"

Anthu onse anaseka, nane ndinaseka nawo, wokondwa ndi nzeru zanga. Sindinayang'ane kuti m'gulumo munali ndani ndi ndani. Mtsogoleri wa anyamata sanafune kuti tsiku lipite pachabe. Anati iye wamva ndi makutu ake kuti chinthuchi chimakoka mpweya ndi kuutulutsa, ndipo chilichonse chopuma m'dziko muno chimayenda ndi khadi. Mtengo wa khadi sunkatsitsidwa, ngakhale ine ndinkadziwa zimenezo. Ndinaugulira mpandowo khadi, iye analembapo dzina lakuti Mpando Zuze, ndipo khadilo ndinalilowetsa kuseri kwa chikopa.

Mtunda wotsala kukafika pa Bangula ndinayenda pansi, mpando pamutu, batire m'manja, ndikusinthasintha dzanja. Ndinagona pakhonde la sitolo ina nditaukumbatira. Kutacha ndinamva kuti msewu wa ku Chiromo wamira, wopita ku Makhanga akwere bwato.

Padoko panali mabwato asanu. Eni anayi atangondiona anayamba kutanganidwa ndi zingwe zawo. Wachisanu, mkulu wa imvi, Msena weniweni, anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Ndinu wa mpando wa tsoka uja, mukukapha nawo apongozi?"

"Ndani wanena zimenezo?"

"Anawoloka dzulo madzulo anthu amene anaona pabwalo la mpira. Mwadiya wanga sunanyamulepo chinthu chotere."

Anatchula mtengo wa anthu anayi. Ndinati tsitsani. Anakana m'Chisena, "Nkhabe." Ndinamuuza kuti nkhani ya tsoka ija ndinangopeka kuti ndipulumutse katundu wanga. Anati ngati ndinanamiza boma dzulo, iye ndi ndani kuti ndimuuze zoona lero? Ndinachita ngati ndikuchoka, njira imene sinandilepherepo pamsika uliwonse. Ndinayenda mapazi makumi awiri, osamva kuitana. Nditacheuka ndinapeza akufwenkha fodya. Ndinabwerera n'kulipira zonse, kulephera kutsitsa munthu koyamba chibadwire. Anati mpando ugone chafufumimba kuti usaone madzi, ine ndikhale pansi m'bwato, m'matope. Tinadutsa pamwamba pa minda ya anthu, ngayaye za chimanga zikutikwapula m'nthiti, iye akupalasa mpaka kutsidya.

Ndinafika kwa a Thole dzuwa likutentha kale. Anali pamkeka pansi pa mtengo wa mango, chiguduli chawo chili kumsana, achibale angapo atakhala mozungulira ngati akudikira mlandu. Fanita ankayanika mpunga chapatali. Anandiyang'ana kamodzi, anayang'ana mabowo a pabondo langa, n'kupitiriza ntchito yake. Ndinatula mpando, ndinakhala pansi patali monga mwa mwambo, n'kuwomba m'manja.

"Mwafika, akamwini," anatero a Thole. "Mbiri yanu inafika dzulo. Inu mwachedwa."

Ndinafotokoza zonse, kathumba, kapampu, batani, vavu. Ndinalumikiza mawaya n'kuonetsa. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Zaka zisanu ndi chimodzi muli pabanja ndi mwana wanga," anatero. "Munamutenga chitengwa, chikamwini osagwira ngakhale dzinja limodzi, munati malonda sangakuloleni. Pakhomo pano simunabweretsepo ngakhale mchere wopanda chifukwa. Lero mwasenza mpando wa azungu kuchokera ku Chikwawa, waulere, wa ine. Ndipo pamaso pa apolisi mwanena ndi pakamwa panu kuti uli ndi tsoka. Inuyo mukanakhala ine, mukanakhalapo?"

"Bambo, zija zinali nzeru chabe."

"N'zimene ndikuopazo."

Chigamulo chawo chinali chakuti mpando ukhale pakhonde, ndipo ine ndizikhalapo m'mawa ndi madzulo, ndikukankha batani anthu akuona. Ndikapanda kufa kapena kupenga, iwo adzakhalapo, ndipo nkhani ya Fanita idzakambidwa pamenepo.

"Mpaka liti, bambo?"

"Tsoka silinena tsiku. Komanso madzi akuphwa, madimba akufuna manja. Munthu wodya pano amagwira khasu."

Ndinayamba ntchito mawa lake. Matope a kudimba amagwira khasu ngati akukana kulibweza. Ine amene ndinali ndisanalimepo chikwatirireni ndinaunda mizere ya mbatata kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka, msana n'kuyamba kulira. Pofika tsiku lachitatu ndinkathamangira mpando uja osati chifukwa cha chigamulo. Kathumba kakatupa ndinkabuula, a Thole ali pamkeka akundiyang'anitsitsa. "Mukumva bwanji, akamwini? Mutu sukuzungulira?" Fanita ankangondipatsa madzi osamba, koma tsiku lina ndinapeza mabowo a thalauza langa atasokedwa ndi singano yamanja.

Tsiku lachisanu batire inafa. Ndinaisenza kukatchajitsa kuchigayo, mtunda wa ola lathunthu. Patatha masiku anayi inafanso. Paja a Jofilisi anali atanena kuti idzatha mwezi. Ndinayamba ndawatukwana mumtima, koma kenaka ndinaganiza. Kamota kakang'ono ngati kaja, kolira kanthawi kochepa kawiri pa tsiku, sikangamalize batire ya galimoto m'masiku anayi, ngakhale yokalamba. Ndinayamba kuika kaudzu pabatani pochoka m'mawa. Pobwera ndinkakapeza pansi. Ndinafunsa Fanita, anati mwina ndi nkhuku.

Sabata yachitatu ndinachita dala. Ndinagulula khasu mumpini, n'kubwerera kumudzi dzuwa lili pamutu ngati ndikukafuna mpini wina. Ndinadzera kuseri kwa nkhokwe. Ndisanaone kanthu ndinamva njuchi ija ikulira.

Pakhonde panali madoda asanu ndi awiri, onse odula nzimbe akale, atakhala pamzere, ndodo zili pambali. Mmodzi anali pampando, maso otsinzina, kukamwa kuli yasa. A Thole anali ataimirira pambali pake, owongoka kuposa mmene ndinawaonerapo, chala chili pabatani, akufotokoza ngati anabadwira m'galaja.

"Kathumba kakutupa tsopano. Mukumva? Ndikabweza kumbuyo, vavu itseguka. Basi, a Fole, nthawi yanu yatha. Dzira limodzi, kupopa kawiri. Mukafuna kachitatu, onjezani."

Pambali pa mpando panali lichero, mazira ali mbwee.

Ndinatsokomola. Madoda aja anayang'ana kumbali, koma a Thole sanaphethire n'komwe.

"Mwaweruka msanga, akamwini."

"Bambo, ndimayesa mpandowu uli ndi tsoka?"

"N'chifukwa chake tikugawana. Tsoka likagwera munthu mmodzi limalemera."

"Inuyo munayamba liti kukhalapo?"

"Tsiku lomwe munayamba kudimba. Nanga ndikanasiya mlendo ayesedwe yekha?"

"Ndiye mwaona kuti sindinafe. Nkhani ya Fanita tikambe."

"Tikamba. Koma mazirawa akufuna wokagulitsa pa Chiromo Loweruka, ndipo ndamva kuti pa zamitengo mulibe mnzanu. Batirenso yayamba kufooka."

Kuseri kwa khitchini kunamveka kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, kumene ndinali ndisanakumve miyezi isanu. Fanita anatuluka akupukuta misozi ndi chitenje.

"A Tsitsani," anatero, "tatsitsani pamenepa tione."

Sindinatsitse. Ndinafunsa kuti tipita liti kwathu, ndipo anayankha yekha, bambo ake asanatsegule pakamwa, kuti tidzapita mbatata imene ndabzalayo ikakumbidwa, chifukwa akufuna aone ngati chinthu chimene ndagwira ine chingathe kukhala malo amodzi mpaka kukhwima osagulitsidwa.

Inakumbidwa mu Ogasiti. Tinawoloka awiri pa Chiromo, msewu utauma, thumba la mbatata lili pamutu panga, Fanita ali patsogolo. Ndinachoka ku Makhanga ndi mkazi wanga, amene ndinapitira. A Thole anatsala ndi mpando, batire, dimba lolimidwa, khola lodzaza nkhuku, ndi lonjezo lakuti madzi akadzaphwanso ndidzabwera ndi khasu langalanga. Pa Dyeratu ndimauza anthu kuti ndinawombola banja ndi mbuzi imodzi yokalamba, ndipo amandiwombera m'manja. Ku Makhanga ndikumva kuti nkhalamba ija imaifotokoza mwina. Inuyo mwamva mbali zonse, tandiuzani: pamalonda amenewa anapambana ndani?